Kuwerenganso kafukufuku wa ku Gulupu wa khansa ya Kaposi mwa ana

Mu 2014 magazini ya European Journal of Cancer inasindikiza lipoti la kafukufuku amene anachitikira m'wodi ya ana odwala khansa pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu a mu Blantyre amangochitchula kuti Gulupu. Dzina loyamba pa olemba lipotili ndi la Dr George Chagaluka, ndipo lomaliza ndi la Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anagwira ntchito ndi ana pachipatalachi kwa zaka zambiri. Funso lawo linali lachidule: mwana akapezeka ndi khansa ya Kaposi, ndi mankhwala ati amene angamuthandize kwambiri mwa amene analipo? Ana 92 anagawidwa mwa maere m'magulu atatu. Gulu loyamba linkalandira vincristine yekha kudzera mumtsempha, lachiwiri vincristine pamodzi ndi bleomycin, ndipo lachitatu etoposide wakumwa. Mwana aliyense anatsatiridwa kwa chaka chimodzi, kapena mpaka tsiku la imfa ngati inafika msanga.

Zotsatira zake zinali zomveka. Ana a vincristine yekha ndiwo anamwalira kwambiri. Magulu awiri enawo anachita bwino, ndipo ana a etoposide wakumwa anaoneka kuti ankakhala moyo wabwinopo tsiku ndi tsiku. Olemba anamaliza ndi kunena kuti etoposide wakumwa ndi wosaopsa, amachepetsa matendawa, ndipo amapulumutsa banja ku maulendo ambiri a kuchipatala ndi majakisoni a mumtsempha.

Choyamikirika pa ntchitoyi n'chachikulu, ndipo chiyenera kunenedwa poyera zotsutsa zisanayambe. Olemba ananena kuti kufikira nthawi imeneyo panalibe kafukufuku wogawa ana mwa maere woyerekeza mankhwala a Kaposi. Madokotala a ana ankatenga zimene zinapezeka mwa akuluakulu, ambiri a iwo amuna a ku America ndi ku Ulaya, n'kuchepetsa mlingo molingana ndi thupi la mwana. Kuchita kafukufuku wotere m'wodi yodzaza, ndi anamwino ochepa komanso mankhwala amene amatha mosayembekezereka, si ntchito yamasewera. Chotsatira chimodzi chokha, chakuti vincristine yekha sakwanira, chinali chokwanira kusintha zochita. Vincristine ndi wotchipa ndipo ndiye amapezeka kawirikawiri, kotero chiyeso chomupereka yekha chimakhalapo nthawi zonse. Kafukufukuyu anatseka khomo limenelo.

Koma wowerenga lero, makamaka namwino, kilinikala kapena mlangizi wa zaumoyo amene amakumana ndi ana a ku Nkolokosa, Chitawira ndi Zingwangwa, ayenera kudziwa pamene lipotili likuthera.

Poyamba pali nkhani ya chiwerengero. Ana 92 akagawidwa patatu, gulu lililonse limakhala ndi ana pafupifupi 30. Chiwerengero chimenechi chingaonetse kusiyana kwakukulu, monga kwa vincristine yekha ndi magulu enawo, koma n'chochepa pofuna kudziwa ngati etoposide amaposa vincristine ndi bleomycin kapena ayi. Komanso anawo sanali ofanana. Ana 46 pa 100 aliwonse anali asanayambe ma ARV, ena anali atayamba kale, ndipo ana 10 analibe n'komwe kachilombo ka HIV. Mwana amene Kaposi wamutulukira asanamwepo ma ARV ndi wosiyana ndi mnzake amene wamutulukira ali kale pa mankhwala. Woyambayo ali ndi chida china chimene sichinagwiritsidwe ntchito, chifukwa chitetezo cha m'thupi chikabwerera chimathandiza kulimbana ndi khansayi. Wachiwiriyo mwina ma ARV akulephera kugwira ntchito, mwina sakumwedwa bwino. Kuwasakaniza m'magulu a ana 30 kumapangitsa kuti yankho likhale la onse pamodzi koma losalunjika kwa aliyense.

Chachiwiri ndi muyeso wa moyo wabwino. Ofufuza anagwiritsa ntchito sikelo ya Lansky, imene imayambira pa 0 kufika pa 100 ndipo imayang'ana mmene mwana akusewerera: kodi akuthamanga ndi anzake, akungosewera atakhala pansi, kapena wangogona. Ndi muyeso wanzeru, chifukwa mwana sanamiza pa masewera. Vuto ndi lakuti aliyense ankadziwa mankhwala amene mwana akulandira, kuyambira mayi mpaka wolemba mafomu. Mayi amene mwana wake akumwa mankhwala kunyumba, osabayidwa, osagona m'wodi, n'kosavuta kuti aone mwanayo ali bwino kuposa mayi amene amabwera kudzaonerera mwana akulira pomufunafuna mtsempha. Zimenezi sizikutanthauza kuti zotsatirazo n'zabodza. Kusabayidwa n'gawo lenileni la moyo wabwino. Koma sizikutsimikiza kuti khansayo inachepa kwambiri mwa ana a etoposide, ndipo ambiri owerenga mothamanga amasakaniza zinthu ziwirizi.

Chachitatu, chaka chimodzi n'chachifupi. Etoposide amadziwika kuti mwa odwala ena amayambitsa khansa ya m'magazi patapita zaka zingapo, makamaka akaperekedwa kwa nthawi yaitali. Bleomycin amawononga mapapo mlingo ukamaunjikana. Zonsezi sizingaoneke m'miyezi 12 mwa ana 30. Choncho mawu akuti "wosaopsa" ayenera kumveka kuti wosaopsa m'chaka choyamba.

Komabe mfundo yofunika kuitsutsa kwambiri si ya masamu ayi. Ili m'maganizo amene kafukufukuyu anayambira. Olemba ananena kuti HIV komanso Kaposi wofalikira sizichiritsika, kotero cholinga cha chithandizo ndi kuchepetsa matenda ndi kupepuza moyo wa mwana. Pa nthawi yawo maganizo amenewa anali oona mtima. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ana ankafika mochedwa, ndipo ogwira ntchito m'wodi anali ataona ana ambiri akumwalira. Munthu akayambira pa mfundo yakuti mwanayu sachira, mankhwala abwino amakhala amene sakumuzunza. Etoposide wakumwa amapambana mosavuta pa mpikisano wotero.

Patangotha zaka ziwiri, mu 2016, gulu la Dr Nader El-Mallawany ku Lilongwe, logwira ntchito ndi bungwe la Baylor pa chipatala chachikulu cha Kamuzu, linasindikiza mu PLoS One zimene linaona mwa ana 70 okhala ndi HIV amene anapezeka ndi Kaposi pakati pa 2010 ndi 2013. Mankhwala oyamba kumeneko anali bleomycin ndi vincristine. Patatha zaka ziwiri ana 58 pa 100 aliwonse anali moyo, ndipo ambiri mwa iwo matenda anali atazimiririka osabwereranso. Chofunika koposa n'chakuti anaona kuti Kaposi wa ana si matenda amodzi. Ana amene khansa inali m'zotupa za mwanabele ankachira bwino. Ana otupa miyendo molimba ngati thabwa ankakhala moyo nthawi yaitali koma kutupako sikunkatheratu. Ana amene khansa inalowa m'mapapo kapena m'mimba, kapena amene anali ndi timadontho 20 kapena kuposa pakhungu ndi m'kamwa, ndiwo ankamwalira kwambiri. Kuchokera pamenepa gululi linakonza njira yogawira ana m'magawo anayi, imene lero imadziwika ndi dzina la Lilongwe.

Lipoti la ku Lilongwe lili ndi zofooka zake: linangoyang'ana m'mbuyo m'mafayilo, silinagawe ana mwa maere, ndipo linachokera pa chipatala chimodzi. Pa makwerero a umboni lili pansi pa la ku Gulupu. Koma linafunsa funso labwinopo. La ku Gulupu linafunsa kuti mankhwala abwino ndi ati. La ku Lilongwe linafunsa kuti abwino kwa mwana uti. Ngati mwana wa zotupa za mwanabele angathe kuchira kotheratu, kumupatsa chithandizo chongopepuza n'kumuchepetsera mwayi. Ngati mwana wa Kaposi wa m'mapapo sathandizika ndi bleomycin ndi vincristine, kumuyambitsa pa mankhwala amenewo n'kutaya masabata amene alibe. Gulu la ku Gulupu nalonso silinaime pa lipoti la 2014; mu 2018 linasindikiza mu Pediatric Blood and Cancer zotsatira za kupereka mankhwala onse atatu pamodzi, zimene zikusonyeza kuti eni ake sanaone etoposide yekha ngati mawu omaliza.

Umboni wina unachokera kwa akuluakulu. Kafukufuku wamkulu wotchedwa A5263, wotsogozedwa ndi Dr Susan Krown ndipo wosindikizidwa mu The Lancet mu 2020, anatenga odwala 334 a Kaposi wofalikira ku Malawi, Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil. Onse ankamwa ma ARV, ndipo anagawidwa mwa maere kuti alandire paclitaxel, etoposide wakumwa, kapena bleomycin ndi vincristine. Gulu la etoposide linatsekedwa nthawi isanakwane chifukwa linkachita moipa. Pa sabata ya 48, odwala 20 okha pa 100 aliwonse a etoposide ndi amene anali moyo matenda osakula, poyerekeza ndi 50 pa 100 a paclitaxel. Poyerekeza paclitaxel ndi bleomycin ndi vincristine, ziwerengero zinali 64 ndi 44. Mwana si munthu wamkulu wochepa thupi, ndipo kungakhale kulakwa komweko kwa kale kutenga ziwerengero izi n'kuziika pa ana osaganiza. Koma zikuchenjeza kuti etoposide wakumwa si wamphamvu monga mmene wowerenga lipoti la 2014 lokha angaganizire, makamaka matenda akafalikira.

Nanga ma ARV? Mu kafukufuku wa ku Gulupu, ana amene anali asanayambe ankayambitsidwa atalandira mankhwala a khansa kawiri kapena katatu. Lero zinthu zinasintha. Malangizo a bungwe la WHO a 2014 okhudza matenda a pakhungu ndi m'kamwa mwa anthu okhala ndi HIV amanena kuti wodwala Kaposi ayambe ma ARV mwamsanga, ndipo kuyambira 2016 Malawi amayambitsa aliyense wopezeka ndi kachilomboka osadikira CD4. Njira ya Option B+, imene inayambira kuno mu 2011, inachepetsa ana obadwa ndi kachilombo. Choncho mwana wa Kaposi wa lero kawirikawiri ndi wosiyana ndi wa m'kafukufukuyu: mwina ndi wachinyamata amene wasiya kumwa mankhwala, mwina ndi mwana amene mayi ake sanayezedwe, mwinanso alibe HIV.

Ana 10 aja opanda HIV lipotili linawadutsa mofulumira, pamene kwa wogwira ntchito m'mudzi ndiwo phunziro lalikulu. Khansa ya Kaposi inafotokozedwa koyamba ndi Moritz Kaposi ku Vienna mu 1872, ndipo madokotala a ku Uganda ankaiona mwa ana, m'zotupa za mwanabele, Edzi isanadziwike. Kachilombo koyambitsa, KSHV kapena kuti HHV-8, kanapezedwa ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore mu 1994. Kamafala makamaka kudzera m'malovu, ndipo m'chigawo chino cha Africa ambiri amakatenga ali ana, ngakhale ochepa kwambiri ndi amene amadwala. HIV imangotsegula chitseko. Zotsatira za magazi zosonyeza kuti mwana alibe HIV sizichotsa Kaposi pa mndandanda wa zoganiziridwa, ndipo makolo ayenera kuuzidwa zimenezi mosamala, chifukwa m'makwalala dzina la Kaposi limamveka ngati dzina lina la Edzi.

Apa ndi pamene Nkolokosa akulowera. Ubwino waukulu wa etoposide wakumwa, malinga ndi olemba, ndi kuchepetsa maulendo. Mfundoyi ndi yolemera kwa banja la ku Nsanje kapena Phalombe. Kafukufuku wa Dr Trijn Israels ndi anzake pachipatala chomwechi, wosindikizidwa mu 2008, anamva kuchokera kwa osamalira ana kuti ndalama zoyendera komanso kusiya nyumba ndi minda kwa nthawi yaitali ndi zina mwa zimene zimawalemera. Koma kuchokera ku Nkolokosa kukafika ku Gulupu ndi makilomita ochepa. Minibasi kapena kabaza amafikitsa munthu m'mphindi zowerengeka. Kwa banja la kumeneko mtunda si mdani wamkulu. Mdani ndi nthawi imene imadutsa mwana asanaganiziridwe kuti ali ndi khansa. Kafukufuku wa 2014 amayamba pa tsiku limene mwana wafika m'wodi ya khansa matenda atadziwika. Miyezi ya m'mbuyo mwake, imene mwanayo anali m'manja mwa alangizi, odzipereka ndi ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono, mulibe m'lipotimo.

Ziwerengero za ku Lilongwe zikufotokoza chifukwa chake miyezi imeneyi imatalika. Ana 74 pa 100 aliwonse anali ndi zotupa za mwanabele, pamene 59 okha ndiwo anali ndi zizindikiro pakhungu. Ana 26 pa 100 analibe china chilichonse koma mwanabele basi. Ndiye kuti mwa ana anayi aliwonse, mmodzi alibe timadontho takuda tija timene aliyense anaphunzitsidwa kuti ndi Kaposi. Mwana wotupa mwanabele m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wowonda, wotentha thupi, amafanana kwambiri ndi mwana wa TB, ndipo m'dera limene TB ndi yochuluka kuganizira TB poyamba si kupusa. Cholakwika chimabwera mwana akamwa mankhwala a TB mwezi wathunthu, zotupa osachepa, koma palibe wofunsanso. Komanso ana 28 okha pa 100 ndiwo anali ndi CD4 yotsika kwambiri, ndipo pafupifupi theka anali kale pa ma ARV. Mwana wooneka kuti akuyenda bwino pa mankhwala angathe kukhala ndi Kaposi.

Pa khungu lakuda timadontho ta Kaposi sitioneka tofiirira monga pa zithunzi za m'mabuku a ku Ulaya. Timaoneka takuda kuposa khungu lozungulira, nthawi zina totukuka, tosayabwa ndiponso tosapweteka, n'chifukwa chake mayi sangatitchule ngati sanafunsidwe. M'kamwa, makamaka kumwamba kwa m'kamwa ndi m'nkhama, ndi malo amene amaiwalika, pamene kuyang'anamo kumangofuna tochi ndi mphindi imodzi. M'mphechepeche namo mumaiwalika chifukwa mwana savulidwa. Kutupa kwa nkhope kapena miyendo kumene sikubooka ukakanikiza ndi chala, kapena kolimba ngati thabwa, n'kosiyana ndi kutupa kwa kunyentchera. Magazi akachepa kwambiri popanda malungo, kapena mwana akamatuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama pamodzi ndi mwanabele, ameneyo ndi wotumiza tsiku lomwelo. Ku Lilongwe ana oposa mmodzi mwa atatu anafika ndi magazi ochepa kwambiri.

Pali chenjezo limodzi limene malipoti onsewa salikweza mokwanira kwa anthu a m'zipatala zazing'ono: prednisolone ndi mankhwala ena a mtundu wake angathe kukulitsa Kaposi mofulumira. Mankhwalawa amapezeka mosavuta, amaperekedwa pa zotupa, pa ziwengo ndi pa chifuwa chobanika, ndipo ena amawagula okha. Amasokonezanso kuyeza kwa lymphoma, chifukwa amachepetsa chotupa kwa kanthawi n'kubisa maselo amene dokotala wa mu labu akufuna kuona. Mwana wa zotupa zosadziwika asapatsidwe mankhwalawa asanaonedwe ndi odziwa.

Nkhani ya labu ndiyo imabweretsa matenda ena osowa amene ophunzira amawerenga m'mabuku. Pali matenda a pakhungu obwera chifukwa cha kuchulukana kwa maselo oyera a mtundu wa lymphocyte. Ena ndi lymphomatoid papulosis, amene Warren Macaulay anawafotokoza mu 1968: timatuza timatuluka, timaphulika, timapola tokha n'kusiya zipsera, kenako tina timatulukanso, kwa zaka. Ena ndi mycosis fungoides, amene mwa ana a khungu lakuda amaoneka ngati zigamba zoyererako, zosavuta kuzisokoneza ndi zipere kapena khate. Kaposi sali m'banja limeneli, pakuti maselo ake amachokera ku khungu la mkati mwa timitsempha, ngakhale kachilombo kake komweko kamayambitsanso matenda a Castleman ndi mtundu wina wa lymphoma. Matenda osowawa si amene wodzipereka wa ku Nkolokosa adzakumane nawo kawirikawiri, ndipo sayenera kuloweza mayina awo. Chimene chimawalumikiza ndi Kaposi, ndi Burkitt, ndi TB ya mwanabele n'chimodzi: maso okha sangawasiyanitse motsimikiza. Pamafunika kudula kachidutswa ka mnofu n'kukakayeza. Kwa Kaposi, chizindikiro chotsimikiza ndi puloteni ya kachilomboka yotchedwa LANA. Kwa lymphomatoid papulosis ndi CD30. Kutenga timadzi ndi singano, kumene kwathandiza kwambiri pa Burkitt, sikupereka yankho lodalirika chimodzimodzi pa Kaposi. Kafukufuku woyerekeza mankhwala amakhala wolimba molingana ndi kutsimikiza kwa matenda a amene alowamo, ndipo wowerenga lipoti lililonse la Kaposi ali ndi ufulu wofunsa kuti ndi ana angati anatsimikizidwa mu labu.

Chodabwitsa n'chakuti pamene WHO inakhazikitsa ndondomeko yake ya khansa ya ana mu 2018, yofuna kuti ana 60 pa 100 aliwonse azichira pofika 2030, Kaposi sanalowe pa khansa 6 zoyang'aniridwa mwapadera. Burkitt, Wilms, Hodgkin ndi khansa ya m'diso zilipo. Kaposi palibe, ngakhale kuti ku Malawi ndi imodzi mwa khansa zimene zimaoneka kawirikawiri mwa ana. Zimenezi zimakhudza kumene ndalama za kafukufuku zimapita, ndipo zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake lipoti la ana 92 likutchulidwabe ngati umboni waukulu patapita zaka zonsezi. Kafukufuku wotsatira amene akufunika ndi wogawa ana mwa maere mkati mwa magawo a Lilongwe, woyesa paclitaxel mwa ana a matenda aakulu, wotsatira ana kupitirira zaka ziwiri, ndiponso wolemba tsiku limene mayi anaona chotupa koyamba ndi zipatala zimene anadutsamo.

Etoposide wakumwa ali ndi malo ake. Kwa mwana amene matenda akana mankhwala ena, kapena amene mitsempha yatha, kapena amene banja lake ndi gulu la Umodzi losamalira ana odwala matenda aakulu ku Gulupu agwirizana kuti chofunika tsopano ndi kukhala kunyumba, umboni wa 2014 ndi wothandiza kwambiri. Wodzipereka woyendera mwana woteroyo ali ndi ntchito zooneka: kuona kuti mankhwala akusungidwa patali ndi ana ena, kuti wopereka akusamba m'manja, kuti ma ARV sakudumphidwa, ndi kuti tsiku loyezetsa magazi lolembedwa m'buku la kuchipatala silikuphonyedwa. Etoposide amatsitsa maselo oyera a m'magazi, kotero mwana amene ali pa mankhwalawa akatentha thupi sapatsidwa Panado n'kudikira kuti kuche. Amapita ku Gulupu usiku womwewo, buku lake lili m'manja, ndipo woperekeza anene pakhomo pomwe kuti mwanayu ali pa mankhwala a khansa.